Masiku Amene Foni ya Shafiq Inali Zii

Lachitatu, 22 Januwale

Mvula chiyambire m'mawa. Magetsi anathima dzulo, mpaka pano sanabwere, ndiye laputopu ndaitchajira pa sola ya Ababa m'sitolo, pakati pa mafoni a makasitomala. Ababa akuti laputopu yanga imadya ngati mlendo wosadziwa kutsanzika.

Mutu wachinayi sukuyenda. Ndinabwera kuno kwa Mpama kuthawa phokoso la ku Zomba kuti ndimalize kulemba kafukufuku wanga wa masitazi, koma ndikungosuntha ndime imodzimodzi, m'mwamba, m'munsi, m'mwambanso. A Funsani, aphunzitsi amene akundiyang'anira, akuufuna mutuwu mwezi uno usanathe. Funso langa likadali lomwe lija: dziko laling'ono ngati lathu limatumiziranji asilikali ku Congo, ndipo SADC ikawatumiza, imawapatsa zokwanira kuti agwire ntchitoyo?

Ababa amauza aliyense wobwera kudzagula sopo kuti "Bushra akuphunzira za nkhondo." Ndawakonzapo kangapo. Ndale za mayiko a m'chigawo chino ndi chitetezo cha pakati pa mayiko. Akuti ndi zomwezo, kungoti dzina langalo ndi lalitali.

Mchimwene wanga Shafiq, msilikali, watumiza mawu pa WhatsApp masana. Ali ku Congoko kuyambira chaka chatha, koma nthabwala zake sizinasinthe kuchokera nthawi imene ndinkamubereka kumbuyo. "Profesa, mwalemba za ine? Mulembe kuti pa asilikali onse a SADC wowoneka bwino ndine. Mulembenso za udzudzu, mabuku anuwo satchula udzudzu." Kumapeto mawu anatsika. "Achemwali, mukamuoneko Kristina. Masiku ayandikira."

Kristina ndi mkazi wake, ndipo ndi woyembekezera. Ndipita sabata ino.

Lachinayi, 23 Januwale

Ndinakwera pachulu kuseri kwa mzikiti, pamene netiweki imagwira bwino, kuti nditsitse nkhani ziwiri zimene a Funsani ananditumizira. M'malo mwake ndapeza kuti zigawenga za M23 zalanda Sake.

Sake ndi kamzinda ka m'mphepete mwa nyanja ya Kivu. Kuchoka pamenepo kufika ku Goma ndi ngati kuchoka pa boma kupita ku Limbe. Msasa wa gulu la Shafiq uli chakomweko. Ndakhala ndikulemba dzina limeneli zaka ziwiri, lero ndi pamene landiopsa.

Tikudya, Ababa anafunsa osandiyang'ana: "Ku Sake kumene akukunenaku ndi kuti?"

Ndinawafotokozera kuti asilikali athu ku Congo ali magulu awiri. Ena ali pansi pa bungwe la mayiko onse, ndipo amenewo ali ku Beni, kumpoto, kutali kwambiri ndi Sake. Ena ali pansi pa SADC. Ndinathera nthawi yambiri pa Beni, misewu yake, kutalika kwake. Ababa anagwedeza mutu nati, "Alhamdulillah," n'kupitiriza kudya.

Sindinaname. Koma sindinanenenso kuti Shafiq ali gulu liti. Dokotala wa pa boma anati BP ya Ababa isamasewereredwe.

Lachisanu, 24 Januwale

Uthenga wanga wa dzulo wopita kwa Shafiq ukadali ndi tiki imodzi.

Atatuluka ku Juma, azibambo anadzaza khonde la sitolo. Ababa anandiitana ngati akuitana mwana woti adzalakatule pamaso pa alendo. Ndinavala mpango, ndinatuluka, ndinatembenuza kalendala ya chaka chatha n'kujambula kumbuyo kwake: nyanja, Goma, malire a Rwanda, Sake, phiri lotuluka moto, kenako Beni kumtunda kwenikweni kwa pepala. A Bilal ogulitsa nyama anafunsa ngati nkhondoyo ingafike kuno. Ndinati ayi, koma anthu othawa nkhondoyo amafika, ndi omwe aja ali ku Dzaleka. Wina anati ndiye bwanji osangowasiya amenyane okha. Ndinayamba kuyankha monga ndimayankhira ku semina, ndinaona maso a anthu akupita kwina, ndinafupikitsa: nyumba ya mnzako ikamapsa, denga lako nalo ndi la udzu.

Ababa akhoma kalendalayo ndi msomali pakati pa shelefu ya shuga ndi ya mabatire. Atatha anabwerera m'mbuyo kuti aone ngati yawongoka.

Loweruka, 25 Januwale

Wailesi yati asilikali athu atatu aphedwa. Mayina sanatchule, akuti adziwitse kaye abale.

Ndikudziwa mmene amadziwitsira. Amabwera ndi galimoto, anthu awiri kapena atatu, ovala bwino. Tsiku lonse galimoto iliyonse yokhota pa mphambano ndimathamangira kukaiona. Ya buledi. Ya a zaulimi. Minibasi imene yasochera. Ababa anasesa khonde kawiri, chinthu chimene sachita.

Lamulungu, 26 Januwale

Ndapita kwa Kadewere pa kabaza wa njinga yamoto. Matope mpaka m'mawondo a woyendetsa.

Ababa anandipatsa jumbo ya shuga, sopo ndi chitenje chatsopano. "Ukawapatse amayi aja a kwa Kadewere." Amamutchula choncho Kristina. Chikwatire Shafiq, Ababa sanapondeko kumeneko. Sanakanize ukwati, sananyoze aliyense, koma anafunitsitsa kuti mwana wawo mmodzi yekhayo wamwamuna akwatire Msilamu, ndiye Shafiq anakabwera ndi mphunzitsi wa kwaya ya Katolika. Kuyambira pamenepo Ababa amangotumiza majumbo. Inenso sindinganene kuti ndinayesetsa. Ine ndi Kristina timapatsana moni waulemu, n'kumafunsana za mvula.

Ndinamupeza atakhala pa mkeka pansi pa mpeyala, miyendo yotupa, foni ili pa ntchafu. Amayi ake ndi azimayi a mphakati anali atangomaliza kupemphera korona. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, kenako mmodzimmodzi anabalalika.

Titatsala awiri anati, "Alamu, ndikupempheni chinthu. Amayi akundinyengerera. A mphakati akundinyengerera. Akazi anzanga a ku balakisi akungotumizirana mavesi ndi mphekesera. Inu mwaphunzira zimenezi. Musandinyengerere."

Ndinayamba za Beni.

"Sali ku Beni. Ndikudziwa kumene ali. Ndikufuna ndidziwe kuti kumeneko kukutanthauza chani."

Ndinatsika pampando, ndinakhala naye pamkeka, ndinatola kamtengo n'kujambula pansi. Ndinamuuza kuti msasa wawo uli pa njira imene zigawenga zikufuna kudutsa. Kuti msewu wobweretsera zakudya ndi zipolopolo mwina watsekeka. Kuti ndege zowateteza kumwamba n'zochepa, ndipo ndakhala ndikulemba zimenezi kuyambira mutu wachiwiri. Ndinamuuzanso kuti foni kukhala zii sikutanthauza kanthu, chifukwa kumeneko magetsi ndi netiweki zadulidwa, ndipo pa nthawi ngati ino akuluakulu amalanda mafoni. Ndiponso kuti zigawengazo zikufuna mzinda, kupha asilikali a mayiko ena ambiri sikungazipindulire.

"Ndiye mwayi wake ndi wotani?"

"Waukulu. Koma sindingalumbire."

Anayang'ana mizere yanga ija. Kenako anapuma mpweya wautali nati, "Zikomo. Lero ndigona." Sindinayembekezere zimenezo. Ine chidziwire zonsezi sindikugona.

Anagwira dzanja langa naliika pamimba pake. Mwanayo anakankha ngati akufuna kutsegula chitseko. "Bambo ake enieni," anatero. "Sakhala phee." Tinayamba kumunena Shafiq. Mmene amaimbira mosemphana ndi nyimbo. Mmene amachapira sokosi imodzi n'kuiwala inzake. Ndinamuuza za tsiku limene anathawa madrasa n'kukabisala m'nkhokwe ya nandolo, n'kugona momwemo mpaka mudzi wonse kumufunafuna. Kristina anaseka mpaka kundipempha kuti ndisiye, mimba ikuwawa.

Pobwerera anandinyamulira mapeyala anayi. "Awiri ndi a Ababa. Mukawauze kuti ofewawo ndi awo."

Lolemba, 27 Januwale

Zigawenga zalowa mu Goma.

Ababa adya peyala limodzi ndi supuni. Linalo alisunga pa windo.

Lachiwiri, 28 Januwale

Mayina atuluka. Shafiq mulibe.

Ndinawawerenga katatu pachulu paja. Ndinathamanga kukauza Ababa, ndipo ndili pakati pa njira ndinazindikira kuti ndikumwetulira. Mmodzi mwa atatuwo ali ndi chithunzi atanyamula kamwana ka dilesi lachikasu. Ndinaima kaye pa mpanda wa mzikiti mpaka nkhope itabwerera m'malo.

Ababa anandiuza kuti ndiwawerengere mayinawo pang'onopang'ono. Anawabwereza limodzilimodzi, natenga chisoti chawo, napita ku mzikiti kukawachitira duwa. Sanafunse ngati anali Asilamu.

Ndamuimbira Kristina. Anali atawaona kale. Mmodzi amamudziwa, mkazi wake ankagulitsa mandasi pafupi ndi nyumba yawo ku balakisi.

Chakumadzulo a Funsani anaimba. Ndimaganiza kuti ndi za mutu wachinayi, ndinayamba kale kupepesa. Ayi. Wailesi ina ya ku Blantyre ikufuna munthu wofotokoza za Goma m'Chinyanja mawa masana, ndipo iwo ali pa msonkhano. "Palibe amene akuidziwa nkhaniyi kuposa inu, a Bushra. Ine ndimangokonza zilembo."

Ndinawauza za Shafiq. Zaka ziwiri zonsezi sindinawauzepo, ndimaopa kuti anena kuti sindingaione nkhaniyi ndi maso ozizira.

"Pepani kwambiri. Iwalani za wailesi. Iwalaninso za mutu uja."

Ndinati andipatse mpaka m'mawa.

Lachitatu, 29 Januwale

Ndavomera. Chimene chinandivomeretsa ndi Kristina. Pali akazi angati, amayi angati, amene akungomva mphekesera, ndipo angagone atauzidwa zoona?

Ababa atamva, anauza a Bilal, a Bilal anauza msika wonse. Pofika masana khonde linali lodzaza, wailesi ya Ababa ili pa kreti ya zakumwa, mabatire atsopano.

Ine ndinali pachulu ndi ambulera, foni kukhutu, mbuzi za a shehe zikundizungulira. Mawu anga ndimawamva kawiri, kamodzi m'kamwa mwanga, kenako akuchokera kusitolo atachedwa pang'ono. Mawu a kusitolowo amamveka ngati a munthu wodziwa zinthu.

Mafunso oyamba anali osavuta. M23 ndi ndani, akufuna chani, SADC inalowamo bwanji. Kenako mtolankhani anafunsa kuti asilikali athu ali pati kwenikweni. Ndinayang'ana denga la sitolo. Kunalibe njira yozembera popanda kunamiza anthu onse amene amamvera. Ndinanena kuti a pansi pa SADC ali m'misasa ya ku Sake ndi ku Goma, dera lonselo tsopano lili m'manja mwa zigawenga, ndipo kutuluka kwawo kudalira zokambirana. Aliyense pa khonde paja amadziwa kuti pa yunifomu ya Shafiq pali chizindikiro cha SADC. Chithunzi chake chili pamwamba pa kauntala.

Funso lomaliza: "Inu monga katswiri, asilikali athu abwerere?"

Pakhosi panga panali yankho limodzi lokha, loti mubweretseni mchimwene wanga lero, zinazo mudzaona nokha. Ndinalimeza. Ndinanena zimene ndimakhulupirira ndikakhala pa desiki: kuti kupita kukathandiza mnansi sikunali kulakwa, koma kutumiza anthu opanda zida zokwanira, pamene atsogoleri sanagwirizane chimene akufuna, ndiko kulakwa. Kuti abwerere, inde, koma mwa dongosolo ndi mwa mgwirizano, chifukwa kutuluka mothamanga pakati pa mfuti kumapha anthu ambiri kuposa kukhala m'msasa. Ndiye kuti ndanena pa wailesi, dziko lonse likumva, kuti Shafiq adikire.

Nditatsika, azibambo anandiombera m'manja pang'ono, mwaulemu, n'kuyamba kuchoka msanga kuposa masiku onse. Ababa anazimitsa wailesi, anatseka chitseko chimodzi cha sitolo, anandiuza kuti ndikhale pa thumba la mpunga.

Ndinati, "Ababa, za Beni zija..."

"Ndimadziwa, mayi."

Amanditchula kuti mayi akafuna kundifewetsa, chifukwa dzina langa ndi la amayi awo.

"Zaka zonse zija ndinkapita ku Mbeya kukapikula nsalu, ukuganiza ndinkalankhula Chinyanja? M'mawa uliwonse usanadzuke ndimamvera wailesi ya Chiswahili. Ndipo Shafiq ankangokamba za nyanja ndi phiri lofuka utsi. Ku Beni kwakoko sunajambuleko nyanja."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndimaona kuti zikukuthandiza. Umadya ukaganiza kuti ine sindikudziwa."

Ndinalira pa thumba la mpunga ngati mwana wa sitandade wani. Ababa sadziwa kukumbatira. Anandisisita pa mpango kawiri, kenako ananditsegulira botolo la chakumwa chimene sindinapemphe.

Patapita kanthawi anati, "Zoti adikire zija, wanena zoona?"

"Ndikuganiza choncho."

"Ndiye wanena bwino. Zandipweteka, koma wanena bwino."

Lachinayi, 30 Januwale

Kristina anamvera. Uthenga wake: "Mwayankhula ngati nduna, alamu. Koma mbuzi zimamveka."

Akuti akazi a ku balakisi atumizirana mawu angawo. Ena athokoza. Mmodzi walemba kuti n'zosavuta kunena kuti adikire ngati ulibe wako kumeneko. Kristina amafuna kumuyankha, ndamuletsa. Mayiyo sanalakwe kukwiya.

Tiki imodzibe.

Lachisanu, 31 Januwale

Ndalemba masamba asanu lero, koyamba chibwerere kuno. Sindikudziwa ngati n'zabwino kuti ndikutha kulemba. Pali chiganizo china mu mutu wachitatu pamene ndinalemba za chiwerengero cha imfa zimene boma lingapirire anthu asanayambe kudandaula. Ndi chiganizo cholondola, mabuku onse amanena choncho. Ndachiyang'ana nthawi yaitali. Sindinachichotse, koma ndalemba ndime ina pansi pake, ya mmene banja limadikirira galimoto pa mphambano. A Funsani akhoza kuidula. Aidule okha.

Tsopano ine ndi Ababa timamvera limodzi ya Chiswahili ija tikatha swala ya m'mawa. Iwo amamasulira mawu, ine ndimamasulira ndale. Timakangana. Ababa akuti atsogoleri onsewa angowatsekera m'chipinda chimodzi opanda tiyi mpaka agwirizane. Ndawauza kuti pali mabuku athunthu amene amanena zomwezo m'mawu ovuta.

Atatha anafunsa, akupukuta magalasi: "Amayi aja akudya?"

"Akudya."

"Miyendo yotupayo, ku sikelo anati chani?"

Sindinawauzepo za miyendo. Kapena ndinawauza, kaya. Masiku asokonekera.

Loweruka, 1 Febuluwale

Ndabwera kudzagona kwa Kristina masiku angapo. Amayi ake ndi okalamba ndipo mchimwene wake ali ku Joni. Laputopu ndabwera nayo.

Madzulo ano iye amapemphera korona pa bedi, ine ndinayala chitenje pakona n'kuswali. Palibe anadikira mnzake, palibe anachita manyazi. Titatha anandifunsa kuti Shafiq ndinkamuphikira chani ali mwana, Amayi atamwalira. Ndinati futali wa mbatata, pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa ndi chokhacho ndinkadziwa. Anati, "Ndiye chifukwa chake. Ine ndimayesa amaukonda." Ndinati amadana nawo. Anati amaupempha sabata iliyonse.

Sindinadziwe zimenezo.

Lamulungu, 2 Febuluwale

Msana ukumuwawa. Akuti si kanthu. Sanapite ku Misa.

Mkazi wina ku balakisi walandira uthenga kuchokera kwa mwamuna wake, mawu atatu okha. Ndiye kuti mafoni ena ayamba kugwira. Kristina sakuisiya foni yake ngakhale popita kubafa.

Lolemba, 3 Febuluwale

Ndikulemba pa benchi ya chipatala cha mishoni, pa bondo.

Matenda anayamba m'mawa, tikumwa phala. Mvula inagwa usiku wonse ndipo wa kabaza amene tinapangana naye anati kamlatho ka kumunsi kamira, ndipo ngakhale kakanapanda kumira, munthu wotere sangakwere njinga. Amayi ake a Kristina anayamba kuzungulira pabwalo ndi beseni m'manja. Ndinaimbira Ababa. Ndinangoti, "Ababa, yakwana nthawi, njinga sizikudutsa." Anadula foni pomwepo.

Ola lisanathe tinamva kagalimoto kawo konyamulira nandolo kakulira ku njira ya kumtunda, yozungulira. Kanafika kali matope mpaka pa magalasi. Ababa anatsika, mkanjo ataupisira m'lamba, anavula nsapato pa khonde la nyumba imene sanailowepo, anapereka moni kwa amayi a Kristina atawerama. Kunalibe nthawi ya zambiri. Anali atayala matiresi awo kumbuyo, ndi pepala la pulasitiki pamwamba.

Kristina anakwera kutsogolo. Ine ndi amayi ake kumbuyo ndi beseni ndi zitenje. Pa galasi ndimaona Ababa akuyendetsa ndi manja onse awiri, akuzemba dzenje lililonse, milomo ikuyenda. Pena Kristina amagwira dashibodi n'kuweramira kutsogolo, Ababa n'kuchepetsa liwiro mpaka ululu udutse.

Pa chipatala anamwino anati wodikirira alowe mmodzi. Analowa amayi ake. Asanamukankhe pa njinga ya odwala, Kristina anatulutsa foni m'chitenje. Batire inali itatsala pang'ono kutha. Ndinatambasula dzanja, koma iye anayang'ana kwa Ababa.

"M'galimoto mwanu muli chotchajira. Ikalira muyankhe, Ababa."

Ababa anailandira ndi manja awiri.

Anakhala m'galimoto, zitseko zotsegula, injini ikulira kuti foni idye moto. Ndinawatengera tiyi wa pa geti, sanamwe. Nthawi ya swala ya masana anayala mkeka wawo pa udzu pafupi ndi tayala, foni anaiika pa mpando pomwe angaimve. Sisitere wina wokalamba podutsa anaima patali mpaka atamaliza, kenako anawalozera pompopi pamene angasambe ulendo wina.

Inalira cha m'ma thuu koloko. Ndinali nditatsamira bonati. Nambala yachilendo, yoyamba ndi 243. Ndinaiona ndisanamve kulira kwachiwiri. Nambala ya ku Congo ikhoza kukhala iye, ikhozanso kukhala wina woimba m'malo mwake.

Ababa anadina, anaphonya, anadinanso.

"Halo."

Ndimamva kamawu kakang'ono kuchokera m'foni, koma osamva mawu ake.

"Ayi, si Kristina. Ndine bambo ako."

Anatseka maso. Dzanja linalo linagwira chitseko cha galimoto.

"Uli wathunthu? Manja, miyendo? Usandinamize, mlongo wako wandinamiza kale mokwanira."

Kenako kwa ine, mothamanga, foni ili kukhutu: ali moyo, sanavulale, ali mu msasa, sakutuluka, madzi ndi ochepa koma alipo, foni wabwereka kwa Mtanzania, ali ndi mphindi zochepa. Ndinafuna kuilanda foniyo ndimve mawu ake ngakhale kamodzi. Ababa anali atayamba kale kuyenda.

Sindinawaonepo akuyenda choncho. Anadutsa pa geti la mkati, anadutsa azimayi odikirira amene anakhala m'mbali mwa khonde ndi mapoto awo, nsapato zikuwomba simenti, akulankhulabe: "Usadule. Ukadula ndikupeza komweko. Usadule." Ine pambuyo ndi tiyi wawo m'manja, sindikudziwa chifukwa chake sindinamusiye.

Pa chitseko cha chipinda chochirira namwino anatambasula mkono.

"Abambo, kuno amuna salowa."

"Ndikudziwa, mayi, sindikulowa." Amapuma movutikira. Anakweza foni ija m'mwamba. "Mwana wanga ali m'katimo. Mwamuna wake ali ku nkhondo, ali pa foni iyi. Chonde."

Namwinoyo anawayang'ana, anayang'ana foni, anailandira n'kulowa nayo chothamanga. Chitseko chinatsala chotseguka pang'ono. Tinamva mawu a Kristina, okwera, osweka, akutchula dzina la Shafiq, kenako akumukalipira, kenako china chimene sindinadziwe ngati ndi kuseka kapena ululu.

Foni sinabwerebe, mwana sanabadwebe. Ndawapezera malo pa benchi pano, koma Ababa akana kukhala. Aima pomwe paja namwino anawaimitsa, chisoti chili m'manja, ndipo aliyense wotuluka pa chitsekocho akumufunsa.